A Ermelinda ndi Liboni la Filipa

A Ermelinda anaphunzira sukulu zaka ziwiri basi. Chaka chachitatu chitangoyamba mayi awo anabereka mapasa, ndipo bambo awo anangonena ali pa chakudya kuti mtsikana wadziwa kale kupemphera ndi kuwerenga nkhosa, zotsalazo n'za anyamata. M'mawa mwake sileti inapita kwa mlongo wawo wamng'ono, Amadeu, iwo n'kupatsidwa matewera oti akachape kumtsinje. Palibe anadabwa. Mudzi wathu wonse wa Lameiro unkatero: mnyamata azifika kalasi yachinayi kuti adzapeze chiphaso cha galimoto kapena ntchito ya kunjanji, koma mtsikana akangotha kusenza mtsuko ndiye kuti sukulu wamaliza.

Ine ndine Albertina. Khomo langa ndi lawo n'zoyang'anana, pakati pali kamsewu kamiyala ndi mpesa umene timakanganirana chaka ndi chaka. Ndinabadwa mochedwerapo, lamulo litasintha, choncho makalasi anayi ndinawamaliza. Musandiyese wophunzira ayi, koma pepala la kuchipatala ndimawerenga ndekha, ndipo a Ermelinda akhala akundichitira nsanje pa chimenechi kuyambira kale, ngakhale sangavomere.

Chodabwitsa n'chakuti manja awo apanga zilembo zambiri kuposa aphunzitsi onse amene anadutsa m'mudzi muno. Kuno atsikana ankapeta timipango tachikondi. Umapetapo mitima, mbalame ndi mawu, n'kupatsa mnyamata amene wakudolola, ndipo akakavala m'khosi Lamulungu kutchalitchi, mudzi wonse umadziwa kuti zatheka. A Ermelinda anaphunzira kupeta kwa azakhali awo ali kamtsikana. Zochepa zomwe anatola kusukulu zinali zitauluka kale, ndiye kwa iwo chilembo chinali ngati tsamba kapena duwa: apa pakhota, apa pakwera, apa ulusi ubwerere. Kampango komwe anapatsa malemu amuna awo, a Serafim, mawu ake anakopera pa ka mnzawo. Anauzidwa kuti akunena zachikondi, iwo n'kukhulupirira, ndipo a Serafim anakavala.

Masiku ano timipangoto timagulidwa ndi alendo. Bungwe la amayi kutawuni limatumiza mawu atalembedwa kale papepala, a Ermelinda amaika pepalalo pagalasi la zenera, nsalu pamwamba, n'kujambula mizere yake asanalowetse singano. Za kusaina, a Serafim ndiwo ankawasainira. Atamwalira, ntchitoyo inagwera a Amadeu, ndipo bamboyo ankaigwira monyada ngati wapatsidwa udindo kuboma.

Mwana wawo, Graciete, anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi n'kukalowa fakitale yosoka malaya. Ana a Graciete ndi awiri, Dinis ndi Filipa, ndipo pa iwowa m'pamene zinthu zinatembenuka ife tikuona. Dinis anasiya sukulu tsiku lomwe lamulo linamulola, n'kutsatira anzake ku Switzerland kukathira konkire. Filipa anapitirira mpaka ku yunivesite ya ku Porto, kukaphunzira uinjiniya wa zomangamanga. Si banja lawo lokha ayi. Kwerani basi ya m'mawa yopita kutawuni muone: atsikana okhaokha mabuku pamiyendo, anyamata awiri atatu kumbuyo akuwodzera.

Nkhani ya liboni inayamba pa chakudya chamasana cha Khirisimasi, kwa Graciete. Ine anandiitana poti ndine wamasiye ndiponso ndimadziwa kukazinga buledi wa shuga. Tikumaliza nsomba ya bakayawo ndi mbatata, Filipa anatulutsa maliboni a mtundu wa njerwa, mtundu wa ophunzira uinjiniya. Wophunzira wa chaka chomaliza amagawira abale ake maliboni kuti aliyense alembepo mawu ake, ndipo mu Meyi amawamangirira pa chikwama chake chakuda n'kupita nacho ku Misa kuti abishopu akadalitse.

"Ili ndi lanu, agogo," anatero Filipa. "Ndakusungirani lalikulu."

A Amadeu anali atatambasula kale dzanja. "Bweretsani kuno, achemwali. Inu muzinena, ine ndizilemba."

"Kapena ndikujambulireni mawu mupete, amayi," anatero Graciete. "Lidzakongola kuposa onse."

A Ermelinda analisisita liboni lija ndi chala, kuyesa nsalu yake monga amachitira ndi nsalu iliyonse. "Enanu mupeta?"

"Ayi, ife tilemba."

"Ndiye inenso ndilemba."

A Amadeu anaseka mpaka vinyo anawatsamwa, mwamuna wa Graciete n'kuchita kuwamenya pamsana. "Pa zaka zanuzo? Koma achemwali, mwamwa matambula angati?"

A Ermelinda anakulunga liboni n'kuliika m'thumba la epuloni, kenaka anapempha khofi.

Mu Januwale, nyengo yozizira kwathu kuno, anayamba sukulu ya akuluakulu. Imachitikira m'nyumba yomwe ija ya sukulu yathu yakale, imene inatsekedwa ana atatha m'mudzi, ndipo amaphunzitsa ndi mayi wina wachitsikana wochokera kutawuni, dzina lake Noémia. Ophunzira ake ndi agogo aakazi okhaokha. Amuna a msinkhu umenewo ali ndi makalasi awo anayi ndipo amati n'zokwanira mpaka kumanda. Bambo mmodzi anabwerako kudzawotha moto ndi kudya mabisiketi, atamva kuti pali ntchito yokachitira kunyumba sanaonekenso.

Njira ya kusukulu imadutsa pakhomo pa kantini pomwe amuna amaseweretsa makadi, ndiye a Amadeu sankaphonya.

"Mwachedwa, mtsikana! Belu lalira kale! Sileti yanu ili kuti?"

"Unaitenga ndiwe, mbala iwe," ankayankha a Ermelinda osacheuka. "Ndipo taona zomwe unapindula nayo, kusewera makadi ndi nkhalamba zinzako."

Sikuti zinkayenda bwino ayi. Dzanja lomwe silinjenjemera pa singano linkagwira cholembera ngati mpini wa khasu, mapepala n'kumabooka. Kujambula zilembo ankatha, mwinanso kuposa tonsefe, koma Noémia ankabisa pepala lokopera n'kunena kuti, "Mverani mawuwo m'kamwa mwanu, agogo, mupeze nokha chilembo chake." Pamenepo m'pamene panali nkhondo. Ankabwera madzulo mutu ukuwawa, nkhuku zili ndi njala, n'kumatukwana mphaka wosalakwa.

Ine zinandimvetsa chisoni, ndiye tsiku lina ndinawoloka kamsewu. "Amake Graciete, bwanji ndikulembereni mawuwo papepala, inu mukopere pa liboni? Dzanja likhala lanu ndithu."

"Kukopera ndakopera moyo wanga wonse, Albertina. Ndapeta mawu a anthu mpaka maso atha. Awa ndikufuna achoke m'mutu muno, adutse m'dzanja ili, osaima penapake."

"Nanga mukalephera?"

"Ukandithandiza iwe, Amadeu adzati walemba ndiwe. Pita ukatsirire kabichi wako."

Ndinapita, nditakwiya. Munthu ukamuchitira chifundo n'kukutumiza ku kabichi, zimawawa.

Pofika mu Epulo anali atayamba kulemba timawu tawo papepala popanda wowauza, ndipo anaona kuti nthawi yakwana yoti ayambe pa liboni. Apo panabuka vuto lina. Nsalu ya liboni ndi yoterera, ndipo liboni linali limodzi lokha. Noémia anawapatsa cholembera cha inki yosafufutika, koma ndi chimenecho ukalakwitsa kamodzi ndiye kuti walakwitsiratu. A Ermelinda anatsegula dengu lawo la ulusi n'kutenga cholembera chojambulira nsalu. Opeta onse kuno ali nacho: inki yake imaoneka bwinobwino, koma ukangodutsitsapo simbi yamoto imazimirira, nsalu n'kutsala ngati sinakhudzidwe. Ndiye ankalemba, akalakwitsa n'kukhudza pamalopo ndi nsonga ya simbi, n'kulembanso. Masana onse ndinkawaona pazenera, magalasi ali pamphuno, milomo ikuyenda.

Loweruka, mawa lake kuli Misa, anandiitana ali pakhomo pawo.

"Albertina! Ndamaliza."

"Eee! Tione."

"Ayi. Woyamba kuona ndi mwini wake."

"Ngakhale aphunzitsi anu sanaone?"

"Ngakhale iwowo. N'zambiritu, liboni lonse ladzaza."

"Mwabwerezapo ndi inki yosafufutika ija? Paja anakuuzani kuti mubwereze."

Anapukusa mutu. "Dzanja ili lachita bwino kamodzi. Ndikalikakamiza kachiwiri lindichititsa manyazi. Zikhale momwemo."

Nkhope yawo tsiku limenelo sindinaionepo chiyambire, ngakhale pa ukwati wa Graciete. Anandipatsa mazira osawapempha.

Lamulungu m'mawa tonse tinali pa liwiro. Mkamwini wawo anabwereka galimoto yaikulu kuti atitenge tonse, ine, a Amadeu, Graciete ndi iwo. A Ermelinda anadzuka n'kuyatsa simbi. Anasita bulauzi, siketi yakuda, mpango wa kumutu. Liboni linali pathebulo pomwepo, litakwinyika ndi thukuta la m'manja la masabata onsewo. Tsono m'nyumba imene ija simunatulukepo nsalu yosasita. Kampango kalikonse kakatha, kamapita pansi pa simbi kasanaone dzuwa, ndipo dzanja lawo lachita zimenezi kuyambira ali mtsikana, osadikira kuuzidwa ndi mutu. Mutuwo unali pa nkhuku, pa kiyi, pa hutala yomwe mkamwini ankaliza panja.

Ndinalowa kuti ndiwafulumizitse. Ndinawapeza ataima, simbi ili m'manja, osagwedezeka.

"Tiyeni, amake Graciete, anthu akudikira."

"Ndasita."

"Eya, ndikuona, mwatchena. Tiyeni."

"Albertina, ndasita liboni."

Ndinayang'ana pathebulo. Liboni linali tambalale, losalala bwino, lonyezimira, lopanda ngakhale kadontho. Mayo ine! Ndinalitembenuza, ndinaliyang'anitsa pazenera, ngati mawu angabisale kuseri kwa ulusi.

"Nenani mawuwo msanga ndilembe," ndinatero. "Ndilemba mokhotakhota, palibe adzadziwe."

"Ndizidziwa ine."

"Ndiye lembaninso nokha!"

"Zinanditengera mwezi, iwe. Ukumva hutalayo?"

Anazimitsa simbi, anakulunga liboni bwinobwino n'kuliika m'chikwama chawo. Sanalire. Ine ndi amene ndinkafuna kulira, komanso kuwagwedeza mapewa, chifukwa Loweruka lija ndinanena ine za inki. M'galimoto a Amadeu analankhula njira yonse za mitengo ya ng'ombe ndi za misewu ya kale. A Ermelinda anayang'ana pazenera, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

Ku Porto Misa inali ya pabwalo, pamsewu waukulu wa pakati pa mzinda, ndipo anthu anali osayamba. Kulikonse mikanjo yakuda, maliboni achikasu, ofiira, obiriwira, makolo atanyamula maluwa, agogo atakhala pa timipando tobwera nato. Ndinaponya maso pa ophunzirawo n'kuona zomwe ndimaona m'basi ya kwathu, atsikana kuchuluka kuposa anyamata. A Amadeu nawo anaona. "Amuna ali kuti m'dziko muno?" anafunsa. Graciete anati ali ku Switzerland, ndipo anatulutsa foni kuti ajambule zoti atumizire Dinis.

Filipa anatipeza Misa itayamba kale. Anali atatuluka pamzere wa anzake n'kudzipanikiza pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu mu mkanjo uja. Chikwama chake chakuda chinali chitadzaza maliboni a ena tonse, omwe tinapereka kale. Pakati anasiyapo malo.

"Agogo! Ndipatseni msanga ndimange, kudalitsa kuli pafupi."

A Ermelinda anatsegula chikwama chawo n'kumupatsa liboni. Filipa analitambasula akumwetulira. Anayang'ana, analitembenuza, anayang'ananso. Kwaya inkamveka pa zokuzira mawu.

Mwana uja ndi wamtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo ndi umene unabaya. Anawakumbatira agogo ake n'kuwapsompsona patsaya. "Palibe kanthu, agogo. Ndikudziwa kuti munayesetsa. N'zovuta, ndikumvetsa. Ndilimanga chonchi, ndizidziwa kuti ndi lanu."

Ndinaona khosi la a Ermelinda likufiira mpaka m'makutu. Chipongwe cha mlongo wawo anachipirira miyezi yonseyo osagwedezeka, koma izi zinawalowa.

"Si ndinanena ine?" anatero a Amadeu, akusolola bolopeni m'thumba la jekete. "Nyengo yozizira yonse kuvutitsa mwana wa eni ake kusukulu kuja. Bweretsa kuno, Filipa, nthawi ilipo. Nenani mawu, achemwali."

"Analemba!" ndinakalipa ine. "Analemba liboni lonse, simbi ndi imene yafufuta m'mawa uno!"

"Simbi?" A Amadeu anandiyang'ana ngati ndapenga. "Inu munaona zolembazo, a Albertina?"

"Sindinaone."

"Aphunzitsi awo anaona?"

Graciete anayang'ana pansi. Ngakhale iye, mwana wawo wobereka, ndinaona kuti sakukhulupirira.

A Ermelinda anatsomphola bolopeni ija m'zala za mlongo wawo. "Filipa, gwira chikwama chakocho chigone. Chikhale ngati thebulo."

"Agogo, simukuyenera kudzivutitsa…"

"Ndati gwira."

Filipa anapinda mawondo pang'ono kuti chikwama chifike pa msinkhu wa agogo ake, n'kuchigwira ndi manja awiri. A Ermelinda anayala liboni pamwamba, anavala magalasi, anandiuza kuti ndikoke mbali imodzi kuti nsalu isaterereke. Kenaka anayamba. Bolopeni ija sinkagwira bwino pa nsalu yoterera, ndiye chilembo china ankachibwereza kawiri katatu. Anthu ankatigunda m'zigongono. Iwo milomo inkangoyenda, kutchula mawu pang'onopang'ono, kuima, kufunafuna chilembo m'mutu, n'kuchipeza. Zilembo zinatuluka zazikulu, zina zitatsamira kumanzere zina kumanja. Kunena zoona zinali zonyansa, ndipo mayi amene sanalolepo ulusi umodzi kukhota pa kampango ankaziona yekha kuti n'zonyansa, koma sanaime.

Ali pakati, mawu a abishopu anamveka pa zokuzira mawu, kuuza ophunzira kuti akweze zikwama zawo. Msewu wonse unangoti bii ndi zikwama zakuda m'mwamba, maliboni akuuluzika, makolo akuwomba m'manja, ena akulira.

"Filipa, kweza chikwama!" anakuwa Graciete. "Akudalitsa! Amayi, dikirani kaye, mumaliza bwino!"

A Ermelinda sanamve n'komwe. Anali atakanirira pa chilembo china, lilime lili pakona pa mlomo.

"Filipa! Zaka zisanu wavutikira zimenezi!"

"Asiyeni, amayi," anatero Filipa osadzutsa mutu. "Agogo akulemba."

Madalitso anadutsa. Zikwama zinatsika, kwaya inayamba nyimbo ina, ndipo cha Filipa chinali chidakali chogona pansi pa dzanja la agogo ake. Graciete anatembenukira kumbali akupukuta misozi ndi mkwiyo, ndipo sindikumunena, chifukwa zaka zonse za mwana uja kusukulu zinachokera pa makina osokera a kufakitale. A Amadeu anali atatambasula khosi kuti aone.

Pomaliza a Ermelinda anawongoka, n'kupukuta chala pa siketi.

"Zambiri zija zapita," anatero. "Izi ndi zomwe ndakwanitsa. Zikuwerengeka?"

Filipa anatembenuza liboni kuti limuyang'ane. Sanachite kufunsa chilembo ngakhale chimodzi. Anawerenga mokweza kuti mawu apose kwaya ija:

"Filipa, wafika kumene ine sindinafike. Ndalemba ndekha. Agogo ako, Ermelinda."

A Ermelinda anamvetsera atapendeketsa mutu, maso ali pa milomo ya mdzukulu wawo. Mawu omwe anali m'mutu mwawo anali atatulukira m'kamwa mwa munthu wina, iwo osamuuza. Anagwira dzanja la Filipa asanayambe kumanga liboni.

"Werenganso," anatero.

Filipa anawerenganso.